Mutu 9: Njanji Zathu ndi Ulendo Wofunafuna Doko

Malawi ndi dziko lodalitsika ndi madzi, koma madzi athu onsewa safika kumene zombo zikuluzikulu za malonda zimakocheza. Fodya wa ku Kasungu, tiyi wa ku Thyolo ndi shuga wa ku Nchalo, kuti zikapeze msika kutsidya kwa nyanja yamchere, ziyenera kuyamba zadutsa m'dziko la eni. Chimodzimodzinso feteleza, mafuta a galimoto ndi tirigu: zisanatipeze zimayenda makilomita mazanamazana m'dziko la anzathu. Mbiri yonse ya njanji za kuno yagona pa vuto limeneli. Chigawo chilichonse cha njanji chidayalidwa pofuna kuyankha funso limodzi, lakuti katundu atulukire doko liti. Yankho lake lakhala likusintha, kuchoka ku Chinde kupita ku Beira, kuchoka ku Beira kupita ku Nacala, ndipo yankholo likasintha, masiteshoni ena ankatukuka n'kukhala matauni, ena ankamera thengo.

Pamene katundu ankayenda pamutu

David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859, chiyembekezo chake chinali chakuti mtsinjewu udzakhala msewu wolowera m'kati mwa Africa. Mathithi adamukanika. Kuyambira pa Kapichira kukwera mpaka cha ku Matope, mtunda woposa makilomita 60, Shire amathamanga pamiyala ndipo palibe chombo chingadutse. Choncho amishoni ndi amalonda amene adabwera pambuyo pake, monga a kampani ya African Lakes imene anthu adaizolowera ndi dzina loti Mandala, ankayenda njira yodukaduka.

Katundu wochokera ku Ulaya ankatsikira pa Chinde, kumathiriro a Zambezi, pamalo amene Apwitikizi adabwereketsa kwa Angerezi potsatira pangano la mu 1891. Zombo zikuluzikulu sizinkatha kulowa chifukwa cha mchenga, motero katunduyo ankamutsitsira m'zombo zing'onozing'ono panyanja pomwepo. Pa Chinde ankamukwezanso m'sitima za mumtsinje zimene zinkakwera Zambezi ndi Shire mpaka pa Chiromo kapena kwa Katunga ku Chikwawa. Kuchoka apo ntchito inali ya amtengatenga. Amuna zikwizikwi ankakwera zitunda za ku Blantyre atasenza mitolo yoposa makilogalamu 20 pamutu, potsika atasenzanso khofi ndi minyanga. Ambiri ankagwira ntchitoyi kuti apeze ya msonkho wa nyumba.

Azungu a m'maesiteti ndiwo adayamba kulirira njanji, ndipo zifukwa zawo zinali ziwiri. Choyamba, ulendo wa katunduwo unali wodula komanso wochedwa. Chachiwiri, munthu amene wasenza mtolo pamsewu sangakhalenso ndi khasu m'munda wa khofi, ndipo eni maesiteti ankafuna manja amenewo m'minda yawo. Pamwamba pa izi, madzi a m'nyanja ya Malawi adayamba kutsika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Shire naye n'kumaphwa chaka ndi chaka. Sitima zimene kale zinkafika kwa Katunga zidayamba kutsakamira pamchenga zisanafike n'komwe pa Chiromo.

Njanji yoyamba

Kampani ya Shire Highlands Railway idakhazikitsidwa mu 1895, ndipo mmodzi mwa oikankha anali Eugene Sharrer, mwini minda yaikulu m'madera a Blantyre ndi Zomba. Ndalama zidavuta kupezeka, kotero ntchito idayamba mu 1903. Boma la atsamunda silidapereke ndalama, lidalonjeza malo: maekala 3,200 pa mailosi iliyonse ya njanji yomwe yayalidwa. Malo amenewo anali ndi midzi, manda ndi minda ya anthu, koma eni ake sadafunsidwe.

Cholinga choyamba chinali kuyambira pa Chiromo kukwera ku Blantyre. Mtsinje udasokoneza zonse. Ngakhale zitsulo zoyalira njanjiyo zinkalephera kufika pa Chiromo chifukwa cha kuchepa kwa madzi, motero omanga adakakamizika kutsikira kumwera mailosi pafupifupi 30 n'kukayambira pa Port Herald, pomwe lero ndi pa Nsanje. Kuchoka apo njanji idawoloka Shire pa Chiromo, n'kulowa m'chigwa cha Ruo, n'kumakhotakhota m'mphepete mwa mapiri kudzera pa Sandama ndi Luchenza mpaka ku Limbe. Nsanje ili pamtunda wosakwana mamita 100 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pomwe Limbe ili pamwamba pa mamita 1,100. Kukweza sitima mtunda wotere kudafuna kugumula zitunda, kukwirira zigwa ndi kumanga milatho yambirimbiri, ndipo zonsezi zidachitika ndi mapiki, mafosholo ndi madengu a pamutu. Ogwira ntchito ambiri anali anthu a m'midzi yozungulira ndi Alomwe amene pa nthawiyo ankawoloka malire kuchokera ku Mozambique.

Sitima yoyamba idafika mu Blantyre mu 1908, itayenda mailosi 113, omwe ndi makilomita pafupifupi 182. Mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanjiyo unali mamilimita 1,067, muyeso umene unkagwiritsidwa kale ntchito ku South Africa ndi ku Rhodesia. Chisankho chimenechi chidathandiza kwambiri pambuyo pake, pakuti mpaka lero bogi yochokera ku Limbe ikhoza kuyenda pa njanji ya ku Mozambique, Zimbabwe kapena Zambia popanda kusintha mateyala ake achitsulo. Tiinjini tiwiri ta nthunzi timene tidagwira ntchito yomanga njanjiyi, Thistle ndi Shamrock, tidasungidwa: kamodzi pa siteshoni ya Limbe, kena kumalo osungirako zinthu zakale ku Chichiri.

Kuthamangitsana ndi mtsinje

Port Herald nayo sidakhalitse ngati doko. Madzi adapitirira kutsika, ndipo cha m'ma 1915 Shire adasiya kutuluka m'nyanja kwa zaka pafupifupi makumi awiri. M'chilimwe katundu ankaunjikana pa Port Herald miyezi ingapo kudikira madzi. Njanji idayenera kutsatira madziwo kumene adathawira. Pa nthawi imene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inkayamba, kampani ina yotchedwa Central Africa Railway idayala mailosi 61 kuchoka pa Port Herald kukafika pa Chindio, m'mphepete mwa Zambezi chakumpoto, m'dziko la Apwitikizi. Kuchoka pa Chindio sitima za pamadzi zinkatsikira ku Chinde monga kale.

Koma Chinde linali doko la mavuto. Mafunde ankadya gombe lake chaka chilichonse, ndipo mu 1922 namondwe adawononga nyumba ndi zombo zambiri. Chaka chomwecho njanji ya Trans-Zambezia idatsegulidwa. Iyi idayambira pa Dondo, pafupi ndi Beira, n'kuyenda mailosi 167 kudutsa m'nkhalango za Inhaminga mpaka pa Murraça, tsidya lina la Zambezi moyang'anana ndi Chindio. Kuyambira pamenepo doko la Nyasaland, monga dziko lino linkatchedwera pa nthawiyo, lidakhala Beira, ndipo Chinde adaiwalika.

Dondo ndiyo mphambano yoyamba imene Amalawi ambiri adaidziwa, ngakhale ili kunja kwa dziko lawo. Pamenepo njanji yochokera ku Nyasaland imakumana ndi yopita ku Umtali ndi Salisbury, mizinda imene lero ndi Mutare ndi Harare. Anyamata opita kukasaka ntchito m'migodi ndi m'mapulazi a ku Rhodesia ankatsika pa Dondo n'kudikira sitima yolowera kumadzulo. Ena adabwerako ndi njinga, masutikesi ndi makina osokera. Ena adasanduka matchona, ndipo zidzukulu zawo n'zimene zimalankhula Chichewa m'matauni a migodi ku Zimbabwe lero.

Pakati pa Chindio ndi Murraça panali patatsala Zambezi. Katundu yense ankatsitsidwa m'mabogi, kukwezedwa m'mabwato akuluakulu achitsulo okokedwa ndi sitima ya pamadzi, kenaka kukwezedwanso m'mabogi tsidya linalo. M'chilimwe mabwatowo ankatsakamira pamchenga. M'dzinja mtsinje unkasefukira n'kumiza njanji ya m'mphepete. Tiyi ndi fodya zinkanyowa, zina kubedwa, zina kuchedwa mpaka chombo cha ku Beira kunyamuka.

Mlatho wa Dona Ana ndi ngongole yake

Mlatho wa pa Zambezi udakambidwa zaka zambiri usanamangidwe. Chimene chidaukankha pomaliza chinali vuto la ku Britain: mafakitale a zitsulo kumeneko analibe ntchito, ndipo lamulo la mu 1929 lokhudza chitukuko cha maiko olamulidwa ndi Britain lidatsegula thumba la ndalama za ntchito zimene zikadagula zitsulo za kwawo. Panalinso anthu a malonda, monga Libert Oury, amene anali ndi chuma ku Beira ndi m'migodi ya malasha ya ku Tete, ndipo ankadziwa kuti mlathowo udzawapindulira. Mu 1930 makampani a Shire Highlands ndi Central Africa adaikidwa pansi pa kampani imodzi, Nyasaland Railways, ndipo ntchito yomanga mlatho idapatsidwa kwa kampani ya Cleveland Bridge ya ku Darlington.

Malo oyenera adapezeka kumtunda kwa Chindio, pakati pa Sena ndi Dona Ana pafupi ndi Mutarara. Njanji za mbali zonse ziwiri zidapatutsidwa kulondola kumeneko, ndipo Chindio ndi Murraça, amene kwa zaka zoposa khumi anali piringupiringu usana ndi usiku, adatsala opanda ntchito. Mlathowo udatsegulidwa mu Januwale 1935. Kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 3.7, ndipo pa nthawiyo panalibe mlatho wa njanji wautali kuposa umenewu mu Africa monse. Tsopano sitima inkatha kunyamuka ku Limbe n'kukaima padoko la Beira katundu wake osatsitsidwa panjira.

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Boma la Nyasaland ndilo lidaikidwa kukhala chikole cha ngongole za njanji ya Trans-Zambezia ndi za mlathowo, ngakhale zonsezi zinali m'dziko la Apwitikizi. Njanjiyo ikalephera kulipira chiwongoladzanja, ndalama zinkachokera m'thumba la boma, thumba limene gawo lake lalikulu linali msonkho wa anthu akuda. Ndalama zimene zikadamanga sukulu, zipatala ndi misewu zinkathera ku ngongole. Kampani nayo, pofuna kubweza zake, idakweza mitengo yonyamulira katundu mwakuti mbewu za mtengo wapamwamba zokha, monga tiyi, fodya ndi thonje, n'zimene zinkapindula potumizidwa kunja. Mlimi wa chimanga kapena nyemba sadaone kusintha kwenikweni. Katswiri wa mbiri Leroy Vail adalemba mu 1975 kuti njanjizi zidathandizira kusaukitsa Nyasaland, ndipo Landeg White adalemba buku lathunthu la mlathowu mu 1993. Si onse amene amagwirizana ndi Vail pa chilichonse, koma za kulemera kwa ngongoleyo palibe amene amatsutsa.

Kulowera kunyanja, ndi matauni a m'mbali mwa njanji

M'chaka chomwecho cha 1935 njanji idatambasukiranso kumpoto. Kuchoka mu Blantyre idatsikira ku Lirangwe, n'kuwoloka Shire pa Shire North, n'kudzera pa Utale, Balaka, Bilila, Sharpevale, Golomoti ndi Mtakataka, n'kukhudza nyanja pa Chipoka, n'kukathera ku Salima. Mtundawu ndi mailosi pafupifupi 160. Maboma a kumpoto kwa dziko adauzidwa kuti njanji yawo ndi nyanja, choncho kampani ya njanji yomweyo idayamba kuyendetsa sitima za pamadzi zolandira katundu pa Chipoka. Imodzi mwa izo, Vipya, idamira mu Julaye 1946 ndi anthu oposa 140. Ilala imene tikuidziwa lero idapangidwa ku Scotland, idabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira ndi panjanji, ndipo idalumikizidwa ku Monkey Bay n'kuyamba kuyenda mu 1951.

Njanji idasintha mapu a malo okhala anthu. Limbe ndiye chitsanzo chachikulu. Kampani idaika likulu lake kumeneko pamodzi ndi malo okonzera mainjini ndi mabogi, ndipo kampani ya Imperial Tobacco idamanga fakitale yake pafupi ndi siteshoni mu 1908. Amwenye amene adabwera kudzagwira ntchito za ukalaliki ndi zoyang'anira masiteshoni, pamodzi ndi abale awo a masitolo, adadzaza misewu ya tauniyo. Limbe idakula payokha mpaka mu 1956 pamene idaphatikizidwa ndi Blantyre. Luchenza idakula chifukwa ndi pamene tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje ankakwerera sitima. Balaka idakhala potsitsira katundu wopita ku Ntcheu ndi ku Mangochi. Salima idakhala khomo la chigawo chapakati, pomwe malole a fodya wa ku Lilongwe ndi Dowa ankatsitsira mabelo awo.

Masiteshoni ang'onoang'ono nawo anali ndi moyo wawo. Ku Thekerani ndi Sandama, kumene misewu imavuta mvula ikagwa, tsiku la sitima linali tsiku la msika. Nthochi, nanazi, nzimbe ndi chinangwa zinkakwera kupita ku Limbe, mchere, sopo ndi palafini n'kutsika. Wodwala wopita kuchipatala chachikulu, mwana wa sukulu yogonera komweko ndi mayi wa geni onse ankadalira sitima imodzimodziyo.

Pantchito, tsankho linali loonekeratu. Maudindo akuluakulu anali a azungu, apakati a amwenye, ndipo Amalawi ankakhala osonkhezera moto m'mainjini, okonza njanji ndi onyamula katundu, pa malipiro otsika kwambiri. Chakumapeto kwa 1960 antchito a njanji adanyanyala ntchito, ndipo sitalaka imeneyo ndi imodzi mwa zikuluzikulu zimene dziko lino lidaona lisanalandire ufulu. Ufulu utabwera mu 1964, dzina la kampani lidasintha kukhala Malawi Railways, ndipo m'zaka zomwezo mainjini a dizilo adayamba kulowa m'malo mwa a nthunzi.

Nkaya: njira yachiwiri

Mpaka mu 1970 njanji ya dziko lino inali mzere umodzi, kuchokera ku Salima kutsika mpaka ku Beira. Mlatho umodzi ukakokoloka, monga zidachitikira pa Chiromo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, dziko lonse linkatsekeka. Osaka mbewa amadziwa kuti mbewa yochenjera siikhulupirira khomo limodzi la una wake, imakumba mbuli yothawira. Dr Hastings Kamuzu Banda ankafuna mbuli yotereyi, ndipo maso ake anali pa Nacala, doko lakuya mwachilengedwe limene silifuna kukumbidwa mchenga kawirikawiri ngati la Beira.

Apwitikizi anali atayala kale njanji kuchokera kugombe kudzera ku Nampula mpaka ku Nova Freixo, komwe lero ndi ku Cuamba. Chotsala chinali kuilumikiza ndi ya Malawi. Ndalama zidachokera ku ngongole ya boma la South Africa, pa nthawi imene maiko ambiri a mu Africa ankakana kuchita chilichonse ndi boma la tsankholo, ndiponso pamene Zambia ndi Tanzania ankakonzekera kumanga njanji ya TAZARA ndi thandizo la China kuti asadalirenso maiko olamulidwa ndi azungu. Njanji yatsopanoyo idapatuka pa Nkaya, kumwera kwa Balaka, n'kuwoloka Shire pa Liwonde, n'kudutsa pakati pa nyanja za Chilwa ndi Chiuta mpaka pa Nayuchi, mtunda wa makilomita 101. Tsidya la malire siteshoni yake ndi Entre Lagos. Idatsegulidwa mu 1970.

Nkaya si tauni yaikulu, ndipo ambiri oyenda pamsewu wa M1 sadziwa n'komwe kumene ili. Komabe kuyambira chaka chimenecho idakhala malo ofunika kuposa ena onse pa njanji zathu, chifukwa ndi pamene sitima idayamba kukhala ndi chisankho: kumwera ku Beira kapena kum'mawa ku Nacala. Ntchito ya pamphambano ndi ya tcheru. Pamenepo mabogi amasiyanitsidwa malinga ndi kumene akupita, sitima imodzi imapatuka kuti inzake idutse popeza njanji ndi ya mzere umodzi, ndipo wotembenuza njanji akalakwitsa kamodzi kokha sitima yonse ikhoza kugwa.

Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, njanji idatsatira. Ndi thandizo la dziko la Canada, idakwera zitunda kuchoka ku Salima n'kufika ku Kanengo mu 1979, kenaka ku Mchinji mu 1980. Pamenepo njanji zonse za m'dziko muno zidakwana makilomita pafupifupi 800. Chiyembekezo chinali chakuti Zambia ilumikiza mbali yake mwamsanga kuti katundu wa kum'mawa kwa dzikolo adzitulukira ku Nacala. Ntchito ya kachigawo kakafupi ka pakati pa Mchinji ndi Chipata idayamba mu 1982, n'kuima, ndipo idatha mu 2010. Mpaka lero njanjiyo imathera pa Chipata, siidalumikizidwe ndi njanji zina za ku Zambia.

Nkhondo itseka makomo onse awiri

Makomo awiri aja anali ndi chofooka chimodzi: onse ankatulukira m'dziko limodzi. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo itakula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, njanji zidasanduka chandamale. Mabomba ankakwiriridwa pansi pa njanji, masitima ankawomberedwa, milatho inkaphulitsidwa. Pofika mu 1984 njira ya ku Beira ndi ya ku Nacala zonse zinali zitatsekeka, ndipo mlatho wa Dona Ana nawo udaphulitsidwa m'zaka zomwezo.

Dziko limene katundu wake pafupifupi yense ankayenda panjanji lidatembenukira ku malole. Fodya ndi tiyi zinkayenda makilomita oposa 2,000 kukafika ku Durban, podzera ku Tete ndi Zimbabwe kapena kuzungulira ku Zambia. Njira ina idatsegulidwa kumpoto kudzera ku Karonga ndi Mbeya mpaka ku Dar es Salaam. Mtengo wa mayendedwe udakwera koopsa, ndipo udaonekera pa thumba lililonse la feteleza ndi lita iliyonse ya palafini. Asilikali a Malawi adatumizidwa kukalondera njanji ya Nacala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo ena adataya miyoyo yawo kumeneko. Pa nthawi yomweyo anthu pafupifupi miliyoni imodzi othawa nkhondo adalowa m'dziko muno, ambiri a iwo kudzera m'maboma a Nsanje, Mulanje, Ntcheu ndi Dedza.

Mtendere udasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, koma katundu sadabwerere kunjanji monga kale. Zaka khumi zinali zokwanira kuti amalonda azolowere malole, makampani a malole azike mizu, ndipo njanji yosasamalidwa iwonongeke. Mlatho wa Dona Ana udakonzedwa mu 1995 kuti padziyenda magalimoto, ndipo udabwerera ku ntchito ya sitima mu 2009.

Madzi osefukira, kampani ndi malasha

Zimene nkhondo idasiya, madzi adamaliza. Mu 1997 Shire adasefukira n'kudula njanji ndi msewu pa Mtayamoyo, pakati pa Bangula ndi Chiromo. Kuyambira pamenepo sitima yochokera ku Limbe inkabwerera pa Makhanga, ndipo anthu owoloka kupita ku Bangula adabwerera ku mabwato. Mu 2003 mlatho wa pa Rivirivi pafupi ndi Balaka udakokoloka, n'kudula Lilongwe kwa nthawi yaitali. Madzi a mu 2015 ndi namondwe wa Freddy mu 2023 adawononganso njanji ya m'chigwa cha Ruo ndi kumunsi kwa Shire.

Mu Disembala 1999 boma lidapereka ntchito yoyendetsa njanji kwa kampani ya Central East African Railways, imene anthu ankangoti CEAR. Kusintha kwakukulu kudabwera ndi malasha a ku Moatize, omwe aja ankalota a Oury. Kampani ya Vale ya ku Brazil idaona kuti njira yachidule yochokera ku Moatize kupita ku doko lakuya la Nacala ndi yodutsa pakati pa Malawi. Idayala njanji yatsopano ya makilomita oposa 130 kuchokera pa Kachaso, m'malire a boma la Chikwawa, kudzera m'maboma a Mwanza ndi Neno mpaka pa Nkaya, n'kukonzanso ya Nkaya mpaka Nayuchi kuti ithe kunyamula katundu wolemera. Njira yonseyi, makilomita 912 kuchokera ku Moatize mpaka ku Nacala-a-Velha, idatsegulidwa mwalamulo mu 2017. Mu 2022 Vale idagulitsa mgodi ndi njanjiyo kwa kampani ya Vulcan. Tsopano pa Nkaya pamakumana njira zinayi: ya ku Limbe, ya ku Salima, ya ku Nayuchi ndi ya ku Moatize.

Kumwera nako kwayamba kuoneka chiyembekezo. Dziko la Mozambique lidakonza mbali yake kuchokera ku Mutarara mpaka kumalire, ndipo mu Sepitembala 2024 sitima ya mafuta yochokera ku Beira idafika pa Marka ku Nsanje, patatha zaka pafupifupi 40 njirayo ili yotseka.

Njanji ya ndani?

Tikaunika zaka zoposa 100 zimenezi, chinthu chimodzi chikuoneka poyera. Njanji ya ku Blantyre idamangidwira eni maesiteti. Mlatho wa pa Zambezi udamangidwira mafakitale a zitsulo a ku Britain ndi amalonda a ku Beira. Njanji ya ku Mwanza ndi Neno idamangidwira malasha amene amangodutsa m'dziko muno. Anthu wamba adapindulako ndithu, monga momwe Limbe, Balaka ndi misika ya pa masiteshoni zikuchitira umboni, koma phindu lawo linali lapambali, ndipo pa ngongole ndiwo anali patsogolo. N'chifukwa chake njanji yonyamula malasha ndi yolimba ndi yosamalidwa bwino, pomwe imene inkanyamula nthochi za ku Thekerani idasiyidwa madzi ataidula. N'chifukwa chakenso chigawo chonse cha kumpoto, kuyambira Mzimba mpaka Chitipa, chilibe ndi kilomita imodzi yomwe ya njanji.

Zimenezi zikhoza kusintha, ndipo zida zake zilipo kale. Sitima imodzi imanyamula katundu amene akadafuna malole makumimakumi, pamtengo wotsika, popanda kuphwanya misewu imene timaikonza ndi misonkho yathu. Ntchito zimene zatsala n'zodziwika: kulumikizanso Bangula ndi Makhanga ndi mlatho wotalika mokwanira kuti Shire ndi Ruo akasefukira asaugwetse, kulimbitsa njanji ya Nkaya mpaka Mchinji kuti feteleza ndi mafuta zifike ku Kanengo mosadukiza, kukambirana ndi Zambia kuti njanji isathere pa Chipata, ndi kuonetsetsa kuti mapangano onse ndi makampani oyendetsa njanji akusunga malo a sitima ya anthu ndi katundu wa mlimi wamng'ono. Mibadwo yapita idalipira njanjizi ndi thukuta, malo, msonkho ndi magazi. Mbadwo uno uli ndi ufulu wonse wofunsa, pa chigawo chilichonse chatsopano chimene chikukonzedwa, kuti chidzanyamula za yani ndipo adzalipira ndani, ndi kukana kusaina mpaka yankho lake litakomera Amalawi.